Onga wa pa sikelo

Agogo anga aamuna, obala mayi, anali ndi mfuti ya gogodera. Ine sindinaimvepo ikulira. Pamene ndinkayamba kuzindikira n'kuti itapachikidwa kale kudenga la kanyumba kawo ku Ntcheu, itada bii ndi mwaye, akangaude atamanga nyumba kukamwa kwake. Koma madzulo tikamaotha moto ankakonda kutionetsa momwe ankaidyetsera. Ankatambasula chikhatho n'kumachita ngati akuthirapo onga, kenako n'kuukhuthulira kukamwa kwa mfuti, kutsekapo ndi kansanza, kuponyamo tizidutswa ta chitsulo, n'kutsindira ndi ndodo. Muyeso wawo unali diso ndi chikhatho basi. Tikawafunsa kuti, "Nanga mukachulutsa, agogo?" ankangoseka n'kutionetsa chipsera cha pa chala chawo chachikulu.

Ndimawakumbukira nthawi zonse ndikakhala pa sikelo yanga podzaza zipolopolo za mfuti, ndikudontheza onga kambewu kamodzikamodzi, mpweya nditaugwira kuopa kugwedeza muvi wa sikeloyo. Akanandiona akanati mdzukulu wawo mutu sukuyenda bwino.

Ndakhala ku South Africa zaka zoposa 20 tsopano, ndipo zambiri mwa zakazi ndathera pa famu ya nkhosa ku Karoo, chapakati pa Victoria West ndi Loxton. Amene simunafikeko, iwalani za Joni ya magetsi ndi mataxi ija. Kuno ndi thengo la see, lopanda mtengo woti munthu n'kubisalapo, tizitsamba tolekeza m'mawondo, miyala, ndi mphepo yosatopa. Nyama imakuona iwe usanaione. Pafamu pano, kuwonjezera pa nkhosa za mtundu wa Dorper, pali ma springbok, nyama zofanana ndi nswala koma zocheperapo, zolemera makilogalamu 30 kapena 40 zikakula. Zimaswana msanga, ndipo zikachuluka zimalimbirana msipu ndi nkhosa, ndiye nyengo yozizira iliyonse, mu June ndi July, timapungulako. Ina imakhala ndiwo ya ogwira ntchito tonse, ina timayanika kukhala nyama youma yotchedwa biltong. Palinso nkhandwe zimene zimagwira tiana ta nkhosa. Ntchito ziwirizi sizilira mfuti yaikulu. Zimalira mfuti yoti pamene waloza ndi pomwepo.

Mwini famu, mzungu wachikulire wolankhula Afrikaans amene tonse timangowatchula kuti Oom, anali ndi kamfuti ka Sako Vixen, kopangidwa ku Finland, ka .222 Remington. Nditapeza chilolezo chokhazikika m'dziko muno, n'kuchita maphunziro ndi mayeso amene lamulo limafuna, anandigulitsa kamfutiko pa mtengo wachibale. Seifi ndinaikhomerera kukhoma ndekha, laisensi inatuluka, kakakhala kanga.

Chipolopolo cha .222 chili ndi mbiri yake. Kampani ya Remington inachitulutsa ku America mu 1950, wochikonza anali Mike Walker, ndipo kwa zaka pafupifupi 25 chinalibe mnzake pa mipikisano yowombera chandamale mfuti itakhazikidwa pa benchi, mpaka chipolopolo china cha 6mm PPC chitabwera mu 1975 n'kuchilanda ufumu. Masiku ano ambiri anathamangira ku .223, mbale wake wa ku usilikali, koma alimi akale a kuno sanachitaye. Kamutu kake n'kakang'ono, mamilimita 5.7 m'mimba mwake, kolemera magalamu 3 ndi pang'ono, ndipo kamatuluka pa liwiro la mamita pafupifupi 950 pa sekondi. Mfuti yake sikankha phewa, sigonthetsa m'khutu ngati zikuluzikulu zija. Koma kakang'ono n'kakang'ono ndithu: sikophera ngoma, ndipo pa springbok timalasa m'mutu kuti nyama isaonongeke. Ubongo wa springbok ndi ngati dzira la nkhuku. Dziralo ulione lili pa mamita 150, mutu wake ukutembenukatembenuka.

Nyengo yanga yoyamba ndi mfutiyi ndinachita chinthu chimene mpaka lero chimandidzutsa usiku. M'thumba la jekete ndinali ndi zipolopolo zotsala za m'mabokosi awiri, ogula kusitolo, a makampani osiyana. Kwa ine chipolopolo chinali chipolopolo. M'mawa kuli chisanu choti zala sizikumva kanthu, ndinagona pa mwala, tonde wa springbok ataima chammbali pa mamita ngati 170. Ndinaloza pansi pa khutu n'kukhethemula. Nyama ikalasidwa bwino m'mutu imangokhala ngati miyendo yachotsedwa, gwa pomwepo. Iyi inadumpha, inapukusa mutu, n'kuyamba kuthamanga, chibwano cha m'munsi chikulendewera.

Tinaitsata kuyambira 9 koloko m'mawa. Magazi anali ochepa, kadontho apa, kadontho patsogolo pa mwala. Dzuwa litapendeka tinakaipeza pa chomwera nkhosa, itaviika kukamwa m'madzi, madziwo akungobwerera pansi. Inali ndi ludzu koma yosatha kumwa. Ndinaimaliza pafupi. M'bakkie, galimoto ya pikapu ya pafamu, pobwerera Oom sanayankhule kanthu, ndipo kukhala chete kwawoko kunandipweteka kuposa akanandikalipira. Titafika pakhomo anangoti, "Malawi, khuthula za m'thumba mwako pa tebulopa." Anaziimika pa mzere, n'kuzipatula magulu awiri ndi chala. Zina zinali za mitu yosongoka, zina zobuntha pang'ono komanso zolemerako.

M'mawa mwake tinakhoma pepala pa mamita 100. Za mtundu umene ndinayesera galasi la mfuti zinagwa pakati. Za mtundu winawo zinagwa pansi chakumanzere, masentimita 5 kuchoka pamene ndinaloza. Pa pepala masentimita 5 si kanthu. Pa mutu wa nyama ndi mtunda wochoka pa ubongo kufika pa chibwano.

Tsiku lomwelo ananditsegulira kachipinda ka kuseri kwa shedi kamene zaka zonsezo ndinkangokaona kokhoma. Munali benchi yolimba, ndipo pamphepete pake panali pomangiriridwa ndi mabawuti chipangizo chobiriwira chokhala ndi mkono wautali, pulesi ya RCBS Rock Chucker. Panalinso sikelo ya muvi, vernier yoyezera kutalika kwa tinthu, timabokosi ta mitu ya zipolopolo, ndi kope lakuda la mafuta lolembedwa ndi pensulo. Ntchitoyi mu Afrikaans amati herlaai, kudzazanso. Zimene timataya tikawombera, makoko aja amene kuno amati doppie, ndiwo chuma chake.

Ndinene kaye za lamulo, poti ndikudziwa kuti ena kwathu akawerenga izi ayamba kuganiza zina. Ku South Africa lamulo la mfuti la mu 2000, Firearms Control Act, limalola munthu amene ali ndi laisensi kudzaza zipolopolo za mfuti yakeyo, zogwiritsa ntchito iye mwini. Si zogulitsa, si zogawira anzako. Limaikanso malire: zipolopolo 200 pa mfuti iliyonse, ndi ma primer, timabatani toyatsira onga, 2,400, pokhapokha ngati unalembetsedwa kuti ndiwe mlenje kapena wamasewero wodzipereka. Wopanda laisensi akapezeka ngakhale ndi chimodzi, ndi mlandu. Ine ndikamapita kumudzi ndimapisa m'matumba onse a jekete kawiri ndisanakwere basi, chifukwa sindifuna kukafotokoza za khoko loiwalika pa Beitbridge kapena pa Mwanza.

Chipolopolo chili ndi zinthu zinayi zokha. Pali khoko la bulasi, pali primer, kabatani kaja ka kumatako kamene kamathetheka kakamenyedwa, pali onga, ndiye pali mutu umene umauluka. Za primer pali kankhani kamene Oom ankakonda kubwereza. Mtundu wosavuta kuchotsa ndi kubwezeretsa, wa kabowo kamodzi pakati, anaupanga Mngelezi, Edward Boxer, koma amene anaukonda ndi Aamerika. Mtundu wovutawo, wa timabowo tiwiri, anaupanga Mwamerika, Hiram Berdan, ndipo unakafala ku Ulaya. Anasinthana ngati ana osinthana mbale za nsima, aliyense akuona ngati ya mnzake ndiyo yadzaza.

Amene angakuuzeni kuti kudzaza nokha kumapulumutsa ndalama, amakunamizani mwaulemu. Chipolopolo chimodzi chimatsikadi mtengo, koma zida zake n'zodula, ndipo ukayamba umawombera kuwirikiza katatu poyesa ichi ndi icho. Mkazi wanga anawerengera kale ndipo nkhaniyi sitiikambanso. Phindu lake lili pena. Fakitale imapanga chipolopolo choti chilowe mu mfuti iliyonse ya .222 padziko lapansi, yatsopano kapena yokutha, ngati malaya a pa kaunjika. Iwe ukamadzaza wekha ndiwe telala, ndipo kasitomala wako ndi mmodzi.

Ntchito yambiri ili pa makoko, ndipo ndi yotopetsa. Khoko likawombedwa limafufuma n'kutenga maonekedwe a chipinda cha mfuti imene laphulikiramo. Oom anandiphunzitsa kuti ndisamalifinye lonse kulibwezera mwakale nthawi iliyonse, koma khosi lokha, kuti ligwire mutu watsopano, thupi lake likhale momwe mfuti inaliumbira. Likayamba kulimba potseka bolt, chitsulo chokankhira chipolopolo ndi kutseka mfuti kumbuyo, m'pamene umalifinya lonse. Bulasi amatalikanso pang'onopang'ono, ndiye khoko lililonse umaliyeza, la .222 lisapitirire mamilimita 43.2, likapitirira umalisenga. Khoko lotalika limakapanikizika kutsogolo n'kuluma mutu, ndipo mphamvu ya mkati imakwera mosayembekezeka. Makoko a kampani imodzi amakhala paokha, owombedwa kanayi sasakanizidwa ndi owombedwa kawiri. Madzulo ambiri a nyengo yozizira ndinawathera pamenepo, kupukuta, kuyang'ana ming'alu pakhosi, kulowetsa kawaya kopinda mkati kuti ndimve ngati khoma layamba kupyapyala chakumatako. Zili ngati kusankha nyemba pa lichero, kungoti kamwala ukakaphonya sikathyola dzino lokha.

Onga sayezedwa m'magalamu koma mu grain. Galamu imodzi ili ndi ma grain 15 ndi kachidutswa, ndipo sikelo yathu imaona mpaka gawo limodzi mwa magawo 10 a grain. Onga wonse wolowa mu khoko la .222 sukwana magalamu 2. Apa m'pamene chikhatho cha agogo chimalekera. Iwo ankathira onga wakuda wamakedzana, umene umakhululuka pang'ono. Uwu ndi onga wopanda utsi, mtundu umene Mfalansa Paul Vieille anayambitsa mu 1884, ndipo ukayaka motsekeredwa, mphamvu yake mu .222 imaloledwa kufika ma bar 3,700. Tayala la galimoto timapopa ma bar awiri. Zonsezo zikuchitika kutsogolo kwa diso lako, tsaya utaligoneka pa thabwa. Ndipo khoko likachepa, kachidutswa kalikonse kowonjezera kamawerengedwa kwambiri. Theka la grain limene mfuti yaikulu singalimve n'komwe, kamfuti aka kamalimva.

Musayembekezere kuti ndilemba manambala a muyeso wanga pano. Ndakana dala. Onga uli mitundumitundu, wina woyaka msanga wina wochedwa, ndipo opanga, monga a Somchem a ku Somerset West amene onga wawo ndi umene alimi ambiri kuno anakulira nawo, amasindikiza mabuku osonyeza poyambira ndi polekezera pa chipolopolo chilichonse. Umayambira pansi pa tebulo lawolo n'kumakwera pang'onopang'ono. Nambala ya munthu wa pa Facebook, kaya ya ine, ndi ya mfuti yake.

Chimene chinandidabwitsa kwambiri n'chakuti mpaipi wa mfuti umanjenjemera. Ukauona ndi chitsulo chouma gwa, koma chipolopolo chikamadutsa umagwedezeka ngati chikwapu, mochepa moti diso silingaone. Mutu ukatuluka pamene kukamwa kwa mpaipi kuli pakati pa ulendo, kusiyana pang'ono kwa liwiro kumabalalitsa zibowo pa pepala. Ukatuluka pamene kukamwako kwafika kumapeto n'kuima kaye kuti kubwerere, zibowo zimaunjikana. Ntchito yonse ndi kusaka kamphindi kameneko. Tinadzaza zipolopolo zisanuzisanu, gulu lililonse onga wokwererapo pang'ono, tinalemba manambala pa makoko ndi cholembera chakuda, n'kupita kuchigwa m'mamawa mphepo isanadzuke. Kuwombera kamodzi, kudikira mpaipi uzizire, kuwomberanso. Oom ali ndi khofi wawo pambali, osathamanga.

Ine mtima wanga unali pa gulu lomaliza, la onga wambiri, poti mnyamata aliyense amafuna liwiro. Zibowo zake zinamwazikana ngati nkhuku zoona kabawi. Gulu lachitatu, lofatsa, lotsika ndithu poyerekeza ndi malire a m'buku, linaboola malo amodzi oti ndinawaphimba ndi chala chachikulu. Kenako tinayamba kusewera ndi kuzama kwa mutu m'khosi la khoko, chifukwa kamtunda kamene mutu umadumpha usanagwire mizere ya mkati mwa mpaipi nakonso kamasintha zinthu. Apo tinkasuntha ndi tizigawo ta milimita, ndipo kunena zoona phindu lake linali lochepa kuposa nthawi imene tinataya.

Pali bodza limene odzaza zipolopolo timadzinamiza tokha, ndipo nanenso ndinalikhulupirira. Umawombera katatu, zibowo zitatu zikugundana, umajambula ndi foni n'kutumizira anzako. Zitatu zikhoza kugundana mwangozi. Wombera 10, ubwerenso mawa uwombere zina 10, ndiye uyeze zonse pamodzi ndi chija chinathawira pambali chimene ukufuna kunamizira mphepo. Oom akaona ndikuzunguliza chibowo chothawa n'kulembapo kuti "dzanja linagwedezeka", ankafunsa kuti, "Kodi kuthengo dzanjalo udzalisiya kunyumba?"

Ndinayesaponso nzeru zanga ndekha. Ndinagula mitu yolemera, ya ma grain 69, poganiza kuti idzalimbana bwino ndi mphepo ya ku Karoo. Pa pepala panatuluka zibowo zazitali ngati za kiyi wa chitseko. Mitu inkafika chammbali, ikugubuduzika m'malere. Mizere ya mkati mwa mpaipi wa .222 yakale imazungulira kamodzi pa mainchesi 14 alionse. Zimenezi zimazunguza mutu wa ma grain 50 maulendo pafupifupi 2,700 pa sekondi, zokwanira kuuimika chilili ngati nguli. Mutu wautali umafuna kuzunguzidwa mwamsanga kuposa apo. Bokosilo lidakali pa shelefu, ndipo ndalama yake ikanagula thumba la ufa.

Oom anali ndi malamulo a m'kachipindako. Pa benchi pakhale chitini chimodzi chokha cha onga. Mowa ayi, wailesi ayi, fodya ndiye musanene. Ukathira onga m'makoko onse 50 ataima m'thabwa lake la mabowo, usanaike mutu ngakhale umodzi, utenge tochi uunike khoko lililonse, mzere ndi mzere, uone kuti onga walekeza pofanana. Ndinkatsatira zonsezi mpaka Loweruka lina mu October.

Ndinali pakati pothira pamene foni inalira. Anali mlongo wanga kumudzi, nkhani ya ndalama ya feteleza, mvula ili pafupi, mitengo yakwera, achimwene mutiganizire. Tinakambirana mphindi 20, ndinabwerera m'kachipinda mutu uli ku Ntcheu, n'kupitiriza pamene ndinkaganiza kuti ndinalekezera. Tochi sindinaigwire.

Patapita masiku tili kuchigwa, chipolopolo chachisanu ndi chiwiri sichinalire. Chinangoti phu, ngati munthu wamenya pilo. Dzanja langa, mwachizolowezi, linali litakoka kale bolt, khoko lakuda ndi mwaye litagwa pansi, ndipo ndinali kukankhira china. Oom anandigwira pamkono mwamphamvu moti zala zawo zinasiya zizindikiro. "Usatseke. Chotsa bolt yonse, usuzumire." Ndinasuzumira kuchokera kumbuyo, kumene kumayenera kuoneka kadontho ka kuwala. Munali mdima. Khoko lija linalibe onga. Primer yokha inakankha mutu n'kuusiya utatsamwa mkati mwa mpaipi, kutalika kwa chala kuchoka poyambira. Chikanalowa chinacho n'kulira kumbuyo kwake, mpaipi ukanatupa kapena kung'ambika, ndipo dzanja langa lamanzere linali pomwepo. Tinautulutsa ndi ndodo yotsukira. Uli ndi timizere ta mpaipi m'mbali mwake, ndipo ndinauika pa windo la kachipindako. Madzulo ake ndinamasula zipolopolo zonse zotsala za tsiku lija, chimodzichimodzi, kuti ndione ngati munali chinanso chopanda kanthu. Munalibe, koma ndinagona mochedwa.

Dzuwa nalo lili ndi mawu ake. Muyeso umene unali wofatsa mu July, madzi ataundana m'zomwera nkhosa, ndinauona ukusintha mu January kutentha kutafika madigiri 40, bokosi litakhala padzuwa kutsogolo kwa bakkie. Bolt inalimba potsegula, primer inaphwatalala m'mphepete mwake. Zimenezo ndi mfuti ikukuuza kuti bwerera m'mbuyo. Kuyambira pamenepo muyeso uliwonse watsopano ndimautsimikiza nyengo yotentha, ndipo zipolopolo zimayenda pamthunzi.

Mphepo yokha ndiyo ilibe mankhwala a pa benchi. Kamutu kopepuka aka, pa mamita 200, kamphepo koti kangokupiza malaya kamakakankha kupitirira chikhatho. Mfuti yanga tsopano imaunjika zipolopolo zisanu mkati mwa masentimita awiri pa mamita 100, tsiku labwino, ine nditagona bwino. Koma masiku amene ndabwerera kunyumba osawombera, nyama ndikuiona, achuluka kuposa kale. Anyamata a pafamu amandiseka kuti ndimapita kukacheza nazo. Chibwano cholendewera sindinachionenso.

Oom maso anafooka, muvi wa sikelo sakuuonanso, ndipo mfuti zawo zina anapereka kwa ana awo motsata mapepala. Kope lakuda lija anandisiyira. Masamba oyamba ndi a pensulo yawo mu Afrikaans, manambala opendekera kumanja. Chapakati zilembo zimasintha n'kukhala zanga, m'Chichewa: "mphepo ya kumadzulo", "khosi lang'ambika, ndataya awiri", "osadzayesanso". Makoko 50 amene ndinayamba nawo atsala 41. Loweruka m'mawa amabwerabe ndi ndodo yawo, n'kukhala pa mpando wa pakhomo pomwe pali kadzuwa, kumvetsera kulira kwa mkono wa pulesi. Ndikangotambasula dzanja kuti nditenge bokosi la mitu, amakhosomola.

"Malawi, tochi."

"Ndaunika kale, Oom."

"Unikanso."

Foni imakhala kunyumba, pamwamba pa firiji. Mlongo wanga anazolowera. Loweruka amaimba dzuwa likapendeka.